KUKAFUNSIDWA KU OFESI YA KAZEMBE: PHUNZIRO KWA OTSATA AMUNA KAPENA AKAZI AO KU AMERICA

Mwezi watha, tiri pa ulendo wathu wa m'midzi, mphunzitsi wina anandiitanira kuseri kwa sukulu nandionetsa kalata ya Chingerezi imene mlongo wache analandira. Mwamuna wa maiyo anapita ku America kukaphunzira zaka zingapo zapitazo, anapeza nchito komweko, ndipo tsopano ndi nzika ya dzikolo. Kalatayo inali yoitana mkazi kuti akaonekere ku ofesi ya kazembe kukafunsidwa mafunso asanapatsidwe viza, ndicho chilolezo chimene amamata m'pasipoti kuti munthu alowe m'dziko la eni. Mphunzitsiyo anati, "Achimwene, mlongo wangayu sakugona tulo. Anthu amuuza kuti kumeneko mafunso ache ndi okola ngati msampha. Kodi inu simungatiuze zoona zache?"

Funso lotere si la banja limodzi lokha ai, chifukwa chache mwezi uno tapatula malo kuti tifotokoze. Tilankhula ngati kuti wotsala kuno ndi mkazi, monga zinaliri pa banja lija, koma mau onsewa akhudzanso mwamuna amene mkazi wache ndiye ali kutsidya kwa nyanja.

Yambani mwafunsa za chiletso

Tisanapite patali, pali chinthu chimene sitingakubisireni. Pa 16 Disembala 2025 Pulezidenti wa America, Donald Trump, anasaina lamulo loika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, pamodzi ndi maiko ena, pa mndandanda wa maiko amene nzika zao zinaletsedwa kulandira maviza a mitundu ingapo kuyambira pa 1 Januwale 2026. Viza yokakhazikika m'dzikomo inali pakati pa zoletsedwazo. Lamulo lina la mtundu womwewo, la mu Juni 2025, linapatula akazi ndi amuna a nzika za America, koma la mu Disembala silinawapatule. Boma lao linanena kuti munthu angathe kuperekabe mapepala ache ndi kukafunsidwa, koma angathe kukanizidwa viza chifukwa cha lamuloli. Chiletsocho chinayang'ana dziko limene munthu ali nzika yache, osati kumene akukhala, kotero Mmalawi wokhala ku Johannesburg sichinamlambalale.

Malamulo otere amaikidwa ndi Pulezidenti, ndipo Pulezidenti angathe kuwasintha kapena kuwachotsa. Chiletso chimene chinaikidwa pa maiko ena mu 2017 chinachotsedwa mu Januwale 2021. Tsono musanagulitse mbuzi kapena kukongola ndalama, mwamuna afunse komweko, inunso muwerenge zimene ofesi ya kazembe yalemba pa tsamba lache la pa intaneti, kuti mudziwe m'mene lamulo liliri pa tsiku limenelo. Safunsa anadya phula. Ndipo wina akadzakuuzani kuti mukampatsa ndalama iye ali ndi njira ya kuseri yolambalalira lamulo la Pulezidenti, dziwani kuti ameneyo ndi wakuba. Zimene talemba pansipa nzothandiza ngakhale khomo liri chitsekere, pakuti mapepala ena amatenga miyezi yambiri kuti apezeke, ndipo nkwabwino kuti tsiku lotsegula lidzakupezeni muli nao m'manja.

Njira imene mapepala amayenda

Mkazi sangadziitane yekha. Woyambitsa ndi mwamuna amene ali ku America. Iye amalemba fomu yotchedwa I-130 ku ofesi yao yoona za anthu olowa m'dziko, imene amaitcha USCIS, kuonetsa kuti iye ndi nzika ndi kuti uyu ndi mkazi wache. Ofesiyo ikabvomereza, mapepala amapita ku National Visa Center, mu mzinda wa Portsmouth m'chigawo cha New Hampshire. Apa ndi pamene mkazi amalemba fomu yache ya DS-260 pa intaneti, ndipo mwamuna amalemba fomu ya I-864. Pa fomu yachiwiriyi mwamuna amalonjeza kuti adzasunga mkazi wache kuti asakadalire thandizo la boma. Ayenera kuonetsa kuti amapeza ndalama zosachepera 125 pa 100 alionse a mlingo wa umphawi umene boma lao limalengeza chaka ndi chaka. Zache zikachepa, munthu wina wa komweko, nzika kapena wokhazikika mwalamulo, angathe kusaina fomu yachenso kumthandiza.

Mu 2025 fomu ya I-130 ya papepala inali madola 675, viza inali madola 325, ndipo kuona fomu ya I-864 kunali madola 120. Ndalama zimenezi zimapita ku boma la America ndipo zimakhala ndi lisiti. Palibe tambala imene imaperekedwa kwa munthu woima pachipata.

Mwamuna amene sanakhale nzika koma ali ndi khadi lokhazikikira, limene eni ache amalitcha green card, angathenso kuitana mkazi wache, koma ali m'gulu lina limene maviza ache ali ndi malire pa chaka, ndipo nthawi zina amadikira kwambiri. Amene ali kumeneko ngati mlendo chabe kapena wophunzira sangaitane munthu mwa njira imeneyi.

Zonsezi zikatha mpamene kalata yonga ija ndinaona kusukulu imabwera, yonena tsiku, ola ndi malo.

Funso lenileni ndi limodzi

Bwana wofunsa adzaona ngati mapepala akwanira, ngati munthu alibe milandu, ndi ngati thupi liri bwino. Koma mafunso ambiri amene adzafunsa mkazi ndi nthambi chabe za funso limodzi ili: kodi ukwati uwu ndi weniweni, kapena unamangidwa pongofuna viza?

Kukaika kumeneku sikunayambire pa inu. Mu 1986 nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo lolimbana ndi maukwati achinyengo, pakuti anthu ena anali kulipira nzika kuti ziwakwatire papepala pokha. Lamulolo limati wolowa ukwati pofuna kuzembera malamulo olowera m'dziko angathe kumangidwa kufikira zaka 5, kapena kulipitsidwa kufikira madola 250,000, kapena zonse ziwiri. Kuchokera pa lamulo lomwelo maviza a okwatirana ali mitundu iwiri. Ukwati ukakhala kuti sunakwane zaka ziwiri, viza yache ndi CR1, ndipo mkazi akafika amapatsidwa khadi la zaka ziwiri zokha. M'masiku 90 omaliza a zaka ziwirizo iye ndi mwamuna wache ayenera kulemba limodzi fomu ya I-751 kuonetsa kuti banja likadalipo. Ukwati ukapitirira zaka ziwiri, viza yache ndi IR1, ndipo khadi lache ndi la zaka khumi.

Mai amene banja lache ndi loona asaope funso limeneli, pakuti yankho ali nalo kale. Nchito yache ndi kuthandiza mlendo amene sadziwa mudzi wache kuti aone zimene anthu onse a m'mudzimo akudziwa.

Ukwati wa kumudzi ndi ukwati wa papepala

Kwathu kuno ukwati timaudziwa ndi anthu. Ankhoswe a mbali ziwiri anakumana, tambala ndi msoti zinaperekedwa, mfumu inamva, mudzi wonse unabvina, ndipo palibe amene anafunsa pepala. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa ku Boma, ndipo America amalandira ukwati umene uli wobvomerezeka m'dziko limene unachitikira. Koma bwana wofunsayo sanabvine nao pa chinkhoswe chanu, ankhoswe anu sawadziwa, ndipo iye amafuna kalata ya ukwati yochokera m'kaundula. Ngati mulibe, pitani ku ofesi ya DC mukafunse za kulembetsa ukwati wanu. Ngati munamanga chinkhoswe mu 2016 koma mwalembetsa mu 2024, nenani masiku onse awiri monga aliri, ndipo inu ndi amuna anu mulembe zofanana pa mafomu. Musalole munthu kukulemberani tsiku labodza pofuna kuti ukwati uoneke wakale.

Pali mwambo wina wofala masiku ano umene ungakugwetseni m'mabvuto. Mwamuna ali kutali, abale ache amapita kukamanga chinkhoswe m'malo mwache, nthawi zina iye akuonera pa foni. Kwa ife umenewo ndi ukwati ndithu. Koma lamulo la America siliwerengera ukwati umene awiriwo sanali pamodzi pa mwambo wache, pokhapokha atadzakumana pambuyo pache ndi kukhala malo amodzi monga mwamuna ndi mkazi. Choncho ngati unu ndi m'mene munakwatirirana, mwamuna ayenera kubwera kaye asanatumize fomu, ndipo musunge tikiti ya ndege ndi chidindo cha m'pasipoti mwache chosonyeza tsiku limene anafika.

Za mitala nzachidule. America salandira munthu wokakhala pa mitala, ndipo mkazi wachiwiri sawerengedwa ngati mkazi pamene ukwati woyamba ukadalipo.

Apa mpamene ambiri amapunthwa, chifukwa amaganiza kuti ukwati woyamba unatha kalekale. Inde, ankhoswe anakhala pansi, katundu anagawidwa, aliyense anapita kwao. Koma pepala liri kuti? Aliyense wa awirinu amene anakwatirapo kapena kukwatiwapo ayenera kuonetsa kuti ukwati uliwonse wakale unatha mwalamulo asanalowe uno: kalata ya kukhoti yothetsa banja, kapena kalata ya imfa ngati mnzacheyo anamwalira. Maukwati a mwambo amathetsedwa ku khoti la majisitireti, ndipo kumeneko ndiko mungakafunse.

Pali bvuto linanso limene anthu salinena poyera. Amuna ena anasiya mkazi kumudzi, nakakwatira mkazi wa ku America, napeza unzika kudzera mu ukwati umenewo, kenaka nasiyana naye. Tsopano akufuna kuitana mkazi wa kumudzi uja. Bwana wofunsa akaona kuti ana a kumudzi anabadwa ukwati wa kunja uli mkati, kapena mai akanena kuti "ife sitinasiyanepo chikwatirirane", nkhani imasanduka ya mwamuna, ndipo ngakhale unzika wache ungathe kufufuzidwa. Mwamuna amene mbiri yache iri yotere aonane ndi loya wodziwa malamulo amenewa komweko asanatumize pepala liri lonse, ndipo asauze mkazi wache kuti akaname.

Maina ndi zaka

Ambiri a ife tiri ndi maina atatu kapena anai: la paubwana, la ubatizo, la kusukulu, ndi mfunda. Mai mmodzi yemweyo pa kalata ya ubatizo ali ndi dzina lina, pa chitupa cha unzika lina, ndipo m'mudzi amangoti Naphiri. Ena anachepetsa zaka zao kuti abwereze sitandade 8, ena tsiku lao lobadwa linangoganiziridwa ndi kalaliki. Ife zimenezi sitidabwa nazo, koma kwa munthu amene akuona mapepala okha zimaoneka ngati anthu awiri.

Yalani mapepala anu onse pamphasa tsiku limodzi: pasipoti, chitupa cha unzika, kalata yobadwira, kalata ya ukwati, ndi makalata obadwira ana. Yerekezani dzina ndi dzina, chilembo ndi chilembo, tsiku ndi tsiku. Pamene pasiyana, kakonzetseni ku ofesi imene inapereka pepalalo. Za kalata yobadwira ndi chitupa cha unzika pitani ku National Registration Bureau, imene iri ndi maofesi m'maboma. Musafufute kapena kulembapo ndi cholembera chanu. Fomu ya DS-260 imafunsa maina ena onse amene munagwiritsapo nchito, ndipo pamenepo lembani onse. Kuyambira mu 2019 imafunsanso maina amene mwakhala mukugwiritsa nchito pa Facebook ndi masamba ena otere m'zaka zisanu zapitazo. Pepala liri lonse limene silinalembedwe m'Chingerezi lipite ndi lina lomasulira, losainidwa ndi womasulirayo.

Apolisi ndi dokotala

Aliyense wa zaka 16 kapena kuposa ayenera kukhala ndi kalata ya apolisi yonena ngati ali ndi mlandu kapena ai. Ya kuno kwathu imatengedwa ku polisi atakudindani zala. Koma amene anakhalapo m'dziko lina miyezi 12 kapena kuposa ali ndi zaka zimenezi afunikanso kalata ya apolisi a dzikolo. Amai amene munagwirapo nchito ku Joni, Harare kapena Lusaka, mau awa ndi anu, ndipo yambani msanga chifukwa kalata ya kunja imachedwa. Ngati munamangidwapo kwina kuli konse, ngakhale mlandu unatha kapena munakhululukidwa, pafunika mapepala a kukhoti. Mlandu wina suletsa viza, koma kuubisa kumaletsa.

Musanakafunsidwe muyenera kuyezedwa m'thupi, ndipo woyeza ndi dokotala yekhayo amene ofesi ya kazembe inamsankha. Kalata ya dokotala wina, ngakhale wa chipatala chachikulu, salandira. Amayeza chifuwa chachikulu, amajambula m'chifuwa ndi X-ray, amayeza chindoko ndi chinzonono molingana ndi msinkhu wa munthu, ndipo amaona za katemera. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi makadi a katemera ngati alipo. Chithunzi cha m'chifuwa chikakaikitsa amatenga makhololo, ndipo zotsatira zache zimatenga masabata ngati asanu ndi atatu. Wopezeka ndi chifuwa chachikulu sakanizidwa kwamuyaya. Amamwa mankhwala, akachira nkhani imapitirira.

Ambiri amaopa za kachilombo ka HIV, ndipo ena amasiya ulendo chifukwa cha mantha amenewa. Dziwani kuti kuyambira mu Januwale 2010 America anachotsa HIV pa mndandanda wa matenda oletsa munthu kulowa m'dziko, ndipo kuyeza kachilomboka si gawo lokakamiza pa kuyezedwa kumeneku. Amene mumamwa ma ARV muuzeni dokotala, monga mungamuuzire za mankhwala ena onse. Kalata ya dokotala imatha mphamvu pakapita miyezi, kotero musakayezetse kalata yokuitanani isanabwere.

Tsiku lenileni

Ofesi ya kazembe wa America m'dziko muno iri ku Area 40 mu Lilongwe, koma inu tsatani malo ndi ola zimene zalembedwa m'kalata yanu. Wochokera kutali afike dzulo lache nagone kwa abale. Basi ya m'mawa si yodalira pa tsiku lotere. Tengani kalata yokuitanani, pasipoti imene ikhalabe ndi mphamvu miyezi isanu ndi umodzi kupitirira tsiku limene mufuna kukalowa, tsamba lotsimikiza kuti munalemba DS-260, zithunzi ziwiri za masentimita 5 mbali zonse zojambulidwa kumbuyo kuli koyera ndiponso osabvala magalasi, ndi mapepala onse enieni pamodzi ndi makope ache. Foni ndi zikwama zazikulu salola kulowa nazo. Mwamuna sakakamizidwa kukhalapo.

Tenganinso umboni wa banja lanu. Zithunzi za pa chinkhoswe ndi pa ukwati zimene zikuonetsa abale a mbali zonse ziwiri nzabwino kuposa zithunzi makumi asanu za awirinu pa tsiku limodzi. Malisiti a ndalama zimene amuna anu amatumiza, mauthenga a pa WhatsApp osindikizidwa papepala kuchokera m'miyezi yosiyanasiyana, matikiti a maulendo ao obwera kuno, makalata obadwira ana amene atchula bambo: zonsezi ziikeni mwa dongosolo la zaka m'faelo imodzi. Mwina bwanayo sadzapempha kuona ngakhale chimodzi, koma akapempha musayambe kufunafuna m'chitenje.

Mukalowa adzalandira mapepala, adzakudindani zala pa makina, kenaka adzakuitanani pa windo lagalasi. Bwanayo adzakuuzani kuti mukweze dzanja ndi kulumbira kuti zonse zimene mwalemba ndi zimene munene nzoona. Kawirikawiri kufunsako kumatenga mphindi zowerengeka chabe. Mafunso ache ndi onga awa. Munakumana liti, ndipo kuti? Ukwati unachitikira kuti, kunabwera ndani? Amuna anu anabadwa liti, amagwira nchito yanji, amakhala mu mzinda uti, ndipo amakhala ndi yani? Makolo ao ali moyo? Anakwatirapo kale, ali ndi ana kwina? Anabwera liti komaliza kudzakuonani? Mumalankhulana bwanji, kangati pa sabata?

Mukuona kuti palibe msampha pamenepa. Koma pali miyambo yathu itatu imene pa windo paja ingatichititse kuoneka ngati obisa kanthu. Woyamba ndi wa dzina. Mkazi wolangidwa bwino satchula dzina la mwamuna wache pagulu. Amati "abambo akunyumba" kapena "abambo a uje". Bwanayo akafunsa dzina la amuna anu inu nkuyamba kuseka mwamanyazi, iye adzaganiza kuti simulidziwa. Litchuleni lonse momveka, monga liliri m'pasipoti mwao. Wachiwiri ndi wa maso. Ife timazolika kusonyeza ulemu, koma kwa iwo ulemu ndi kuyang'ana munthu kumaso polankhula naye. Wachitatu, umene ine ndimauopa kwambiri, ndi "inde" wa ulemu. Timabvomera zimene sitinamve poopa kubvutitsa munthu wamkulu. Pa windo paja "inde" aliyense ndi umboni wolumbirira. Ngati simunamve, pemphani kuti abwereze. Ngati Chingerezi chimakubvutani, funsani ku ofesiyo za womasulira tsiku lisanafike, ndipo musachite nacho manyazi, pakuti viza imeneyi siifuna mayeso a Chingerezi.

Masikunso amabvuta, chifukwa ife timakumbukira ndi nyengo: anabwera nthawi yokolola, tinakwatirana chaka cha namondwe Freddy. Khalani pansi musandutse nyengozo kukhala miyezi ndi zaka. Namondweyo anafika kummwera kwa dziko lino mu Malichi 2023. Koma chimene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa. Mkazi weniweni angathe kuiwala dzina la kampani imene mwamuna wache amagwirako nchito. Chimene chimakaikitsa ndi kupeka.

Amuna amene muli kunja, ngati mau awa akufikani, muuzeni mkazi wanu zonse tsikulo lisanafike. Ngati muli ndi mwana kumeneko, ngati munasudzulapo mkazi, ngati munamangidwapo, bwanayo angathe kuziona pa makina ache. Nchomvetsa chisoni kuti mai amve nkhani yotere koyamba kwa mlendo, ataimirira pa windo, anthu ali pa mzere kumbuyo kwache.

Chenjerani ndi madobadoba amene amagulitsa mayankho oloweza pamtima. Taganizani za mai amene anakumana ndi mwamuna wache pa maliro kumudzi. Dobadoba amuuza kuti nkhani ya maliro siikoma, akanene kuti anakumana kutchalitchi mu Blantyre. Koma mwamuna analemba kale za maliro pa mapepala ache. Banja loona lasanduka lokaikitsa chifukwa cha bodza limene silinali lofunika nkomwe. Lamulo lao limati wonama pa chinthu chofunika pofuna viza, kapena wopereka pepala lachinyengo, amaletsedwa kulowa m'dzikomo moyo wache wonse, ndipo chikhululukiro chache nchobvuta kuchipeza.

Mukachoka pa windo

Bwanayo akabvomereza, amasunga pasipoti ndi kukuuzani m'mene mudzailandirire. Mukailandira werengani dzina ndi tsiku lobadwa pa viza, ndipo ngati palakwika nenani musanachoke m'dziko. Viza imeneyi siikhalitsa. Kawirikawiri siipitirira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo muyenera kukalowa isanathe. Palinso ndalama ina yolipira ku USCIS musananyamuke kuti akukonzereni khadi, imene mu 2025 inali madola 235.

Ena amapatsidwa kalata yolembedwa 221(g). Musalire msanga. Kalata imeneyi imatanthauza kuti pali pepala limene likusowa, kapena kuti akufuna kufufuzabe. Ngati apempha pepala, muli ndi chaka chimodzi choti mulipereke, koma perekani msanga. Ngati akufufuza, palibe munthu wa kunja kwa mpanda amene angafulumizitse. Akakukanizani pa chifukwa china, kalata imatchula gawo la lamulo limene atsata, ndipo mwamuna aitengere kwa loya.

Musagulitse munda kapena nyumba, musasiye nchito, musachotse ana pasukulu, ndipo musagule tikiti ya ndege kufikira pasipoti yokhala ndi viza iri m'manja mwanu. Boma la America lomwe limachenjeza zomwezi.

Za ana, viza ya mkazi wa nzika siitenga ana kumbuyo. Mwana aliyense wosakwatira amene sanakwane zaka 21 afunika fomu yache ya I-130. Mwana amene mai anabereka kwina angathe kuitanidwa ndi bambo womupezayo pokhapokha ngati ukwati unachitika mwanayo asanakwane zaka 18.

Amai, kumeneko mudzapatsidwanso kapepala konena za ufulu wa munthu amene akuzunzidwa m'banja. Musakataye. Ku America kumenya mkazi kapena mwamuna ndi mlandu, nambala ya apolisi ndi 911, ndipo kuyambira mu 1994 lamulo limalola wozunzidwa kudzilembera yekha mapepala popanda chilolezo cha womzunzayo. Mwamuna amene amati "ndikubweza kwanu ukanena" akunena zimene lamulo silinampatse, ndipo pasipoti yanu muzisunga nokha.

Kwa aphunzitsi

Tikudziwa kuti m'midzi yambiri ndinu amene mumawerengera anthu makalata otere ndi kuwalembera mafomu. Lembani zokhazo zimene mwini wache wanena, ngakhale inu mukuona kuti yankho lina likanakoma koposa, ndipo mukamaliza mumuwerengere zonse m'Chichewa asanatumize, pakuti wokalumbira pa windo ndi iyeyo. Fomu ya DS-260 imafunsa ngati wina anathandiza kulemba. Lembani dzina lanu pamenepo, palibe mlandu. Mphunzitsi uja ndinampempha kuti madzulo ena akhale ndi mlongo wache pakhonde, iye akhale ngati bwana wofunsa, mlongoyo aimirire ndi kuyankha ndi mau ache omwe, kuyambira ndi dzina lonse la mlamu wache.